Mabotolo Owala a Anti

Madzi a m'botolo anasanduka pinki nthawi isanakwane, ndipo aka kanali kachitatu tsiku limenelo. Anti anatseka kampopi, anakankhira magalasi awo m'mwamba, n'kuwerama kuti diso lifanane ndi mzere wa pa byureti, chubu chachitali chagalasi chimene chimadontheza mankhwala pang'onopang'ono. Mzerewo unkati 23.1. Matebulo ena onse asanu ndi anayi a mu labu anali atapeza 25, kapena pafupi kwambiri ndi pamenepo.

"Lembani 25, Anti," ananong'ona mtsikana amene ankagwira nawo ntchito patebulopo. Dzina lake lenileni linali m'kaundula, koma aliyense ankamutchula Kamphepo chifukwa ankalowa m'kalasi akuthamanga n'kutulukanso akuthamanga. "Yankho tikulidziwa kale. Tivutikirenji?"

"Koma botolo lanena 23."

"Botolo silikhoza mayeso, Anti. Timakhoza ndife."

Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. M'botolo ankathiramo asidi woyeza bwino, n'kuonjezamo madontho awiri a mankhwala opanda mtundu amene aphunzitsi ankawatcha kazitape. Kenako ankadonthezamo alikali, mdani wa asidi, kuchokera m'byureti. Asidi yense akatha mphamvu, kazitape ankaulula: madzi ankasanduka pinki, ndipo munthu ankawerenga kuchuluka kwa alikali amene walowa. Ana a zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankachita zimenezi uku akucheza za mpira. Anti, amene anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, ankachita atagwira mpweya, koma zinkawakana.

Anatenga cholembera n'kulemba 23.1 pansi pa 22.8 ndi 23.6. Kamphepo anapukusa mutu, n'kulemba 25.0 m'kope mwake.

Posakhalitsa anafika aphunzitsi a kemisitiri, bambo wamtali wowonda amene ophunzira ankamutchula a Dontho, chifukwa sankatha mphindi zisanu osanena kuti, "Dontho limodzi limasintha nkhani." Anayang'ana kope la Anti, anayang'ana la Kamphepo, kenako anayang'ana kudenga ngati yankho lili kumeneko.

"Tebulo limodzi, botolo limodzi, manambala awiri," anatero. "Wanama ndani?"

Kamphepo anayamba kukanda tebulo ndi chikhadabo. A Dontho anamulembera ziro wa tsiku limenelo. Anatinso phuma lake ndi limene likusokoneza manambala, pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako anakumbutsa kalasi yonse kuti mayeso a mu labu ndi Lachisanu la sabata yotsatira, ndipo tebulo lililonse lidzapatsidwa asidi wakewake, moti kuonera kwa mnzako sikudzathandiza. Tebulo limene manambala ake adzaphonye, lidzalephera. Kamphepo anatuluka tsiku limenelo osatsanzika.

Kwa Anti, kulephera kunali ndi tanthauzo limodzi lokha. Sukulu yophunzitsa anthu oyeza magazi inkafuna kemisitiri ndi bayoloje, ndipo sinkalandira munthu wopitirira zaka makumi anayi ndi zisanu. Bayoloje anali atakhoza kale. Kemisitiri akamuphonya chaka chino, chitseko chinali choti chitsekeka mpaka kalekale.

Anti anali atachapa zovala za m'chipatala kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ankadziwa banga la magazi, la ayodini, la inki ndi la tiyi, ndipo lililonse ankadziwa mdani wake. Lolemba lililonse ankapereka makoti oyera osita ku chipinda choyezera magazi, ndipo kumeneko miyendo yawo inkalemera. Ankaima pakhomo n'kumaonerera anthu atawerama pa makina oonera tizilombo. Tsiku lina mayi wina wa m'chipindamo anawalola kusuzumira. Anaona timadontho tofiira tambirimbiri, tili phee ngati timbale toyanika, ndipo anauzidwa kuti amenewo ndi magazi omwe aja amawachapa tsiku ndi tsiku. Anabwerera kochapira ali ndi mafunso odzaza mtanga, ndipo mafunsowo anawavutitsa zaka zitatu mpaka anakalembetsa ku koleji.

M'kalasi anali wamkulu kuposa onse, mwina ngakhale a Dontho amene. Tsiku loyamba ophunzira anaimirira poganiza kuti mphunzitsi walowa, ndipo atazindikira, dzina la Anti linamera pomwepo. Masamu ankawatulutsa thukuta, zilembo za mankhwala zinkawasokonekera, koma panali chinthu chimodzi chimene palibe mwana akanawaposa, ndicho ukhondo. Mabotolo a mu labu ankangotsukuluzidwa ndi madzi otcheza n'kuyanikidwa pachitsulo, ndipo ankatsala ndi timadontho ta madzi m'kati. Anti zimenezo zinkawanyansa. Choncho ankafika ola lathunthu kalasi isanayambe, atanyamula kabotolo ka madzi a soda wochapira ndi tinsalu tiwiri. Botolo lililonse la patebulo pawo ankalipukuta m'kati ndi kansalu konyowa, n'kulisiya liume, kenako n'kulipukutanso ndi kouma mpaka liwale. Zimenezi sankauza munthu. Kwa iwo kunali ngati kusamba m'manja, ndipo ndani amalengeza kuti wasamba m'manja?

Madzulo a Lachiwiri limenelo anapeza mwana wawo chisamba, mtsikana wa ku sekondale, akusita yunifomu pabalaza.

"Mwana wasukulu wabwera," anatero mtsikanayo. "Mwakhoza zingati lero? Onetsani kope, kholo lisaine."

"Siya mwano, iwe. Bwera undithandize kuganiza."

Anakhala pansi onse awiri, kope lili pakati. Anti anafotokoza zonse, ndipo pofotokozapo anaona kuti mantha akuchepa, chidwi chikukula. Chinkawadabwitsa kwambiri n'chakuti manambala awo ankaperewera nthawi zonse. Sanapitirireko 25 ngakhale kamodzi.

"Munthu wophonya amaphonya uku ndi uku," anatero Anti. "Koma ife tikungophonyera mbali imodzi. Banga likamabwera malo amodzimodzi pa nsalu iliyonse, usamakalipire wodwala. Kayang'ane bedi."

"Ndiye bedi lake ndi liti pamenepa?"

"N'zimene ndikufuna kudziwa."

Analemba mndandanda wa oganiziridwa ngati apolisi. Woyamba anali maso a Anti, wachiwiri dzanja lawo, wachitatu byureti, wachinayi phuma la Kamphepo. Chisamba anafuna kuonjezapo mizimu ya mu labu, koma anakanizidwa.

Lachisanu Anti anafika molawirira monga mwa masiku onse, anawalitsa mabotolo, n'kudikira. Kamphepo atabwera, nkhope ili gwaa, anamupempha kuti ayese zinthu ziwiri. Anabwereka byureti ya tebulo loyandikana nalo, ndipo ntchito yodontheza ndi kuwerenga anaisiyira Kamphepo yekha, iwo manja ali kumbuyo. Mtsikanayo anadekha kuposa kale lonse, mpaka lilime linatulukira pakona ya mlomo. Pinki anabwera pa 23.4. Anayesanso, anabwera pa 22.9.

"Mwaona? Si ine," anatero Kamphepo.

"Si iwe, si byureti, si maso anga, si dzanja langa," anatero Anti, akufufuta mayina onse anayi pamndandanda. Anali ngati akusangalala, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima Kamphepo.

"Inu mukuona ngati masewera. Ine bambo anga anandiuza kuti ndikalephera, ndikagulitse nawo muhadiweya. Moyo wanga wonse ndizikawerenga misomali."

Anti anafuna kumuuza kuti nawonso ali ndi chitseko chimene chikutsekeka, koma mtsikanayo anali atafika kale pakhomo.

Lachiwiri lotsatira makina aakulu ochapira anafa m'mawa, ndipo nsalu za m'chipinda cha opaleshoni anachita kuzichapa pamanja. Anti anafika ku koleji mochedwa ndi theka la ola, zala zitatuwa ndi madzi. Atalowa mu labu anapeza Kamphepo akumwetulira yekha. Anali atayamba popanda iwo, ndipo m'kope mwake munali 25.0, 24.9 ndi 25.0, manambala enieni amene a Dontho anaona ndi maso awo.

"Zatheka bwanji?" anafunsa Anti.

"Kaya. Ndangochita monga mwa masiku onse."

Mnyamata wina wa tebulo lakumbuyo, wodziwika ndi pakamwa, analankhula mokweza kuti onse amve. "Vuto lapezeka, anzanga. Asidi amaopa akuluakulu. Anti akangoima pafupi, amagonja msanga."

Kalasi inaseka, ndipo Anti nawo anaseka, poti munthu wamkulu salirira pagulu. Koma potuluka, akumanga chingwe cha nsapato kuseri kwa chitseko, anamva mawu a Kamphepo m'katimo.

"Aphunzitsi, sikuti ndikuwada ayi. Ndi munthu wabwino. Koma Lachisanu mundilole ndikhale tebulo lina. Mwaona nokha, akakhalapo zimakanika."

"Ndiganizira," anayankha a Dontho.

Mawu amenewo anawapweteka Anti kuposa nthabwala ija, chifukwa anali oona. M'basi yobwerera kunyumba anakhala pawindo n'kumayang'ana manja awo, manja okhakhala, ong'aluka m'mbali mwa zikhadabo. Mwina manja amenewa anawalengera nsalu basi. Mwina anali kungotsekereza mwana wa eni ake njira. Pofika pa siteji anali atatsimikiza kuti Lachisanu akauza a Dontho kuti asiya, ndipo Kamphepo alembe mayeso mwamtendere.

Komabe funso silimva kuti mwini wake wasiya sukulu. Lachitatu akupinda nsalu linabwera, Lachinayi akusita makoti linabweranso. Lachisanu lapita lija sanakhudze byureti, manja anali kumbuyo, koma zinakanika. Nanga munthu angawononge bwanji asidi pongoima pafupi? Mpweya wake? Fungo la sopo la m'zovala? Anafunsa chisamba ngati m'mabuku ake muli zoterezi, ndipo mtsikanayo anati mndandanda uja akanangosiyamo mizimu.

Lachisanu anafika ola limodzi mayeso asanayambe, mawu otsanzika atawakonza kale mumtima. Chitseko cha labu chinali chotsegula, koma a Dontho kunalibe, zikuoneka kuti anali atapita kosungira mankhwala. Patebulo lililonse panali byureti, kabotolo ka kazitape ndi mabotolo atatu, onse makumi atatu, ndipo onse anali ndi timadontho tija ta madzi m'kati. Anti anakhala pampando kuti adikire. Anayang'ana kudenga, anayang'ana pawindo, koma maso ankabwerera ku mabotolo. Ana a eni ake alembe mayeso m'mabotolo auve chonchi? Anaganiza kuti poti akuchoka, awasiyire kamphatso. Anatulutsa kabotolo ka soda ndi tinsalu tija, n'kuyamba tebulo loyamba.

Ntchito imene manja anaizolowera sichedwa. Pasanathe theka la ola mabotolo onse makumi atatu anali akuwala, ndipo Anti anaima patebulo lomaliza akuwasirira. Potembenuka, chigongono chinagunda kabotolo ka kazitape. Anakagwira kasanagwe pansi, koma madontho awiri kapena atatu anali atatayikira pa kansalu konyowa kamene kanali patebulo. Pamene panagwera madonthowo panatuluka pinki wowala, n'kuyamba kufalikira m'ulusi.

Anti anakayang'anitsa kansaluko. Kazitape alibe mtundu, ndipo sayankhula pokhapokha akakumana ndi alikali. Nanga alikali wachokera kuti pa kansalu kawo koyera, kamene sikanafikeko kufupi ndi byureti?

Sanathamangire yankho. Anang'amba kapepala m'kope, n'kudonthezapo kazitape. Pepala linangonyowa basi. Anadontheza pa mpango wawo wa m'thumba, sipanachitike kanthu. Anatsegula kabotolo ka madzi a soda, anathira pang'ono pachivindikiro n'kudonthezamo, ndipo pinki wake anachita kuthwanima. Kenako anatenga limodzi la mabotolo owala aja, anathiramo madzi otcheza pang'ono, anazunguza, n'kuikamo dontho limodzi. Madzi anasanduka pinki. Pachitsulo choyanikira panali botolo lina lotsala limene sanalikhudze, la timadontho tonyansa tija. Analiyesa chimodzimodzi, ndipo madzi ake anakhala mbee.

"Bedi lija ndine," anatero Anti chapansipansi.

Zonse zinagwirizana nthawi imodzi. Soda ndi alikali. Ankatsalira m'botolo osaoneka, n'kudya gawo la asidi ntchito isanayambe, n'chifukwa chake manambala ankaperewera nthawi zonse osapitirira. Tsiku limene anachedwa, mabotolo sanapukutidwe. Kwa kamphindi anamva chimwemwe chenicheni, chonga cha munthu amene wapeza singano imene anaifunafuna sabata ziwiri. Kenako anakweza maso n'kuona mabotolo makumi atatu akuwala pa matebulo khumi, ndipo chimwemwe chija chinathawa. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri.

Kuwatsukuluza onse bwinobwino payekha sikukanatheka. Akanatha kutsukuluza atatu a patebulo pawo n'kukhala chete, ndipo tsiku limenelo iwo ndi Kamphepo okha ndi amene akanakhoza, mnyamata wapakamwa uja n'kuona zakuda. Akanathanso kunyamula chikwama n'kutuluka, poti anabwerera kudzasiya kale. Koma akanena, a Dontho anali ndi ufulu wowachotsa pamayeso chifukwa chogwira zipangizo popanda chilolezo. Maganizo onse atatuwa anawadutsa m'mutu, ndipo tisaname, lachiwiri lija, lonyamula chikwama, linachedwako pang'ono kutuluka. Akali chiimire, kunja kunamveka mapazi, ndipo a Dontho analowa atanyamula bokosi la mabotolo a asidi. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

"Aphunzitsi, musayambitse mayeso," anatero Anti. "Ndawononga mabotolo onse."

A Dontho anaika bokosi pansi n'kuyang'ana uku ndi uku. "Ndikuona ali bwinobwino. Sindinawaonepo akuwala chonchi."

"Vuto lake ndi lomwelo."

Anafotokoza zonse, kuyambira tsiku loyamba, osabisa kanthu. A Dontho anamvetsera nkhope ili yolimba. Atamaliza kufotokoza, Anti anayamba kufunafuna chogwirira cha chikwama.

"Mwadziwa bwanji kuti ndi soda?" anafunsa a Dontho.

Anti anawaonetsa kansalu, kapepala, mpango, chivindikiro, ndi mabotolo awiri aja, lapinki ndi loyera.

"Botolo losapukutali munaliyeseranji?"

"Ndimafuna kudziwa ngati si madziwo amene ali ndi vuto."

"Anakuuzani ndani kuti muzitero?"

"Palibe. Kochapira, mankhwala atsopano timayamba tayesa pa nsalu ziwiri, ina n'kuisiya osaithira. Apo ayi sungadziwe chimene chagwira ntchito."

A Dontho anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Sabata ziwiri ndakhala ndikukalipira mwana uja za phuma," anatero. "Ine mphunzitsi sindinafunse n'komwe chifukwa chake mabotolo a tebulo limodzi ankawala kuposa ena." Anavalanso magalasi, nkhope n'kulimbanso. "Koma lamulo ndi lamulo, mayi. Mwagwira zipangizo za mayeso. Ndikuchotserani malikisi khumi musanayambe n'komwe. Kutanthauza kuti manambala anu akaphonya ngakhale pang'ono, mwalephera. Mulemba?"

Anti anakumbukira mawu otsanzika amene anabwera nawo. Anawafunafuna mumtima, koma sanawapeze.

"Ndilemba," anatero.

Ophunzira atalowa, a Dontho analengeza kuti mayeso achedwa ndi theka la ola, ndipo anaitana Anti kutsogolo. Anti ananyamuka n'kupita. Anaika mabotolo awiri patebulo la aphunzitsi, lina lowala, lina la timadontho, n'kufunsa kalasi kuti loyera ndi liti. Onse analoza lowala. Anathira madzi, anadontheza kazitape, ndipo pinki atatulukira m'botolo lowalalo, m'chipinda monse munamveka kung'ung'udza. Kenako anaulula kuti mabotolo onse a pamatebulo awo ndi otero, ndipo wachita zimenezo ndi iwo.

"Ndiye mumafuna kutiphera limodzi, Anti?" anatero mnyamata wapakamwa uja, koma ulendo uno anaseka yekha, ndipo sanachedwe kusiya.

A Dontho anatenga kope la Anti n'kulemba pabolodi manambala onse a sabata ziwiri zija: 22.8, 23.6, 23.1, 23.4, 22.9. Anafunsa kalasi chimene ikuona. Mtsikana wina wa kutsogolo anati onse ndi operewera, palibe lopitirira. A Dontho anagwedeza mutu, anati manambala amenewa akhala akukuwa kuti m'botolo muli mlendo, kungoti panalibe wowamvera kupatula mwini kope. Sanatchule dzina la munthu wina aliyense, koma Kamphepo anatseka kope lake pang'onopang'ono n'kuliika pansi pa chikwama.

Kalasi yonse inafola kumasinki. Botolo lililonse linatsukuluzidwa kasanu ndi madzi apampopi, kawiri ndi madzi otcheza, ndipo a Dontho ankatola limodzilimodzi n'kuliyesa ndi kazitape. Atakhutira, anatembenukira kwa Kamphepo.

"Paja unapempha tebulo lina. Lachitatu lili ndi malo."

Kamphepo anayang'ana tebulo lachitatu, kenako anayang'ana Anti, amene anali atatanganidwa dala ndi kukonza byureti yomwe inali yokonzeka kale.

"Ndikhala pomwe pano, aphunzitsi," anatero. Atafika pafupi ananong'ona, "Anti, zija ndinanena Lachiwiri..."

"Ndinamva. Unanena zoona, kungoti sunadziwe chifukwa chake. Inenso ndakudyetsa mawu a aphunzitsi sabata ziwiri pa mlandu wanga. Pepa, mwanawe."

"Ziro uja yekha ndinadzipatsa ndekha," anatero Kamphepo, akuyang'ana pansi. "Tiyeni tiyambe."

Botolo loyamba linali ndi timadontho ta madzi m'khosi mwake, ndipo dzanja la Anti linayamba lokha ulendo wopita m'chikwama. Kamphepo analigwira pamkono.

"Lisiyeni lauve choncho."

"Likundiyang'ana, iwe."

"Inunso liyang'aneni."

Anathira asidi wa tebulo lawo, amene yankho lake palibe ankalidziwa kupatula a Dontho. Anti anatsegula kampopi. Alikali anatsika, pinki ankaoneka n'kuzimirira, kuoneka n'kuzimirira, ndipo Anti anachepetsa mpaka dontho limodzilimodzi. Kenako dontho lina linagwa, ndipo mtundu wofewa unakhazikika osachokanso. Anawerenga onse awiri, aliyense payekha, n'kuonetsana: 18.6. Botolo lachiwiri anadontheza Kamphepo, linapereka 18.5. Lachitatu linabwereza 18.6.

A Dontho atafika, anayang'ana makope onse awiri, anasuzumira kapepala kamene anabisa m'thumba la koti, n'kuchonga kawiri ndi cholembera chofiira. Pa kope la Anti analemba malikisi, anachotsapo khumi monga ananenera, ndipo zotsalazo zinadutsa mzere wokhozera ndi malikisi anayi.

"Fomu ya sukulu ija mudzabwere nayo Lolemba ndidzasaine," anatero, akupita tebulo lina. "Koma soda yekhayo adzatsale kunyumba."

Anti anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Chisamba anawachingamira pakhomo, ndipo atamva nkhani yonse anaseka mpaka kukhala pansi. Anati kuyambira lero mbale za m'nyumbamo azingozitsukuluza, poti sayansi yatsimikiza kuti kuwala n'koopsa. Kenako anapempha kuona kansalu kotchukako.

Anti anakatulutsa m'chikwama n'kukatambasula patebulo. Kanali katauma, ndipo pamene panali pinki wowala uja panangotsala kamthunzi kosaoneka bwino. Anakatembenuza, anakayang'anitsa pawindo, anakanunkhiza. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akulimbana ndi mabanga, anali asanaonepo banga lochoka lokha popanda kulichapa.

"Lapita kuti?" anafunsa chisamba.

"Sindikudziwa," anatero Anti. Anakoka mpando, anatsegula kope patsamba latsopano, n'kuvula chivindikiro cha cholembera. "Tatenga madzi pakapu. Tione ngati libwerere tikanyowetsa. Koma unyowetse theka lokha, theka linalo ulisiye."